Mmene Gologolo Adayimbitsira Odwala Chifuwa

Padangokhala, kale nyama zikadamanga mudzi umodzi n'kumapatsana moni m'mawa uliwonse, sing'anga wina dzina lake Gologolo. Ndati sing'anga chifukwa ndi mmene ankamutchulira, koma kunena zoona, za mitengo iye ankadziwa kukwera kokha.

Mudziwo udali wa nyama zaulemu, ulemu wopyola muyeso. Wodwala akafunsidwa kuti wadzuka bwanji atamwa mankhwala a munthu, ankayenera kuyankha kuti akupezako bwino. Kunena kuti mankhwala sadagwire kudali ngati kulavula phala limene mnzako wakuphikira iye akuona. Ena ankayankha choncho ali chigonere, maso atalowa m'kati. Fisi wina wokalamba adati akupezako bwino kwambiri m'mawa, madzulo ake adamuika m'manda, ndipo olira ankatonthozana kuti komabe wapita akupezako bwino.

Gologolo adauona mwambowu akadali mnyamata, n'kuona kuti muli chakudya. Ankawiritsa khungwa lililonse lofiiritsa madzi, n'kuthiramo uchi pang'ono, n'kutsanulira m'nsupa. Odwala ankamwa mokondwa chifukwa zidali zotsekemera, m'mawa mwake ankati akupezako bwino, ndipo ankabweretsa mtedza wothokozera. Nkhokwe yake idadzaza iye osagwirapo khasu.

M'mudzimo mudali asing'anga ena awiri. Woyamba adali Khwangwala, sing'anga wa kubwalo kwa Mfumukazi Mvuu, wa kolala yoyera m'khosi, amene ankafukiza odwala utsi wa masamba. Winayo adali Nungu, mayi wosaseka ndi munthu, amene ankamwetsa muzu wowawa woti ukaulawa makutu amachita kuimirira. Awiriwa ankadana koopsa, moti aliyense adalumbira kuti wodwala amene wapondako pakhomo pa mnzakeyo sadzamulandira, ngakhale abwere chokwawa. Za Gologolo sankaziwerengera n'komwe, ngakhale iye ankayenda m'makomo kumanena kuti utsi wa Khwangwala n'ngothamangitsira udzudzu, ndipo muzu wa Nungu udapha kale malilime a anthu ambiri.

Chaka china nthawi ya chisanu m'mudzimo mudagwa chifuwa. Chidali chifuwa choipa, chouma, chogwedeza nthiti. Asing'anga onse atatu ntchito idawachulukira, ndipo Gologolo adayamba kuganiza zomanga nkhokwe yachiwiri.

Kenaka chifuwa chija chidagwira Nagama, mkazi wake.

Nagama sankadziwa kuti m'nsupa za mwamuna wake mudali madzi wamba. Adangotenga imodzi n'kumwa, mawa lake n'kumwanso, akunyadira kuti adakwatiwa ndi sing'anga. Gologolo ankayang'ana kumbali, akudziuza kuti chifuwa chimatha chokha. Koma sichidathe. Nagama adayamba kusiya phala m'mbale, ndipo kuchoka pamphasa kukafika pakhonde ankapuma panjira.

"Mwadzuka bwanji, akazi anga?" adafunsa Gologolo m'mawa wina.

"Ndikupezako bwino, bambo," adayankha Nagama, n'kutsokomola mpaka misozi. "Mankhwala anuwa ndi amphamvu."

Mantha adamugwira Gologolo kuyambira kumutu mpaka kunsonga ya mchira. Mawu amenewa adali atamudyetsa zaka zambiri, ndipo padalibe wina m'mudzimo wodziwa kupepuka kwake kuposa iye. Mkazi wakeyo ankamukonda, ndipo sadafune kumutaya. Kudatsala kumutengera kwa Khwangwala kapena kwa Nungu. Koma kwa ndani? Akalakwitsa khomo loyamba, lachiwiri lidzakhala lotseka.

"Ndikafunsa amene adamwa kale," adatero mumtima. "Pakamwa ndili napo."

Adayamba ndi Njiwa, amene adafukizidwa utsi kwa Khwangwala.

"Odi kuno! Mwadzuka bwanji, mayi? Utsi uja wakuthandizani?"

"Ndikupezako bwino, asing'anga. AKhwangwala ndi dokotala."

Adapita kwa Fulu, amene adamwa muzu wa Nungu.

"Nanga inu achimwene, muzu uja?"

"Ndikupezako bwino. ANungu amadziwa ntchito yawo."

"Iyayi, ndiuzeni zenizeni. Tili awiriwiri pano, palibe akumva."

"Zenizeni zake n'zomwezo," adatero Fulu, akubweza mutu m'chigoba. "Mukufuna ndinyoze munthu amene adandiphikira mankhwala? Sindidaleredwe choncho ine."

Adazungulira mudzi wonse mpaka mapazi kutentha. Aliyense ankapezako bwino. Amene ankalima ankapezako bwino, amene ankalephera kudzutsa mutu ankapezakonso bwino. Gologolo adabwerera kwawo atakwiya ndi ulemu umene udamulemeretsa.

M'mawa mwake adatulukira nzeru ina. Adatapa mtedza m'nkhokwe, dengu lodzaza, n'kukakhala nalo pamphambano.

"Tamverani kuno!" adafuula. "Aliyense amene adamwa mankhwala koma sadachire, anene poyera, alandire mtedza wodzaza manja!"

Nyama zinkayang'anana, kenaka n'kuyang'ana dengu. Ndiye Nyani, amene dzulo lake lomwelo ankathamangitsa ana m'munda mwake ndi liwu lomveka kutsidya, adabwera akudzikoka, dzanja lili pachifuwa.

"Ine asing'anga, kunena mosabisa, ndikufa."

"Mudapita kwa ndani?"

"Kwa aKhwangwala."

Adalandira mtedza wake. Pomwepo mudzi wonse udadwala mwakayakaya. A kwa Khwangwala ankafa, a kwa Nungu ankafa, ndipo Bwampini, amene sadadwaleko n'komwe chaka chimenecho, adatsokomola mwaluso mpaka anzake adamuombera m'manja. Nyani adabweranso kachiwiri atafunda nsalu kumutu, n'kunena kuti tsopano ndi wa kwa Nungu. Dengu lidatha, Gologolo osadziwa kanthu kalikonse kuposa dzulo.

Adakhala pansi pafupi ndi dengu lopanda kanthulo, manja ali m'masaya. Akafunsa chabe, onse achira. Akaonetsa mtedza, onse akufa. Pakamwa pa nyama zimenezi padalibe pogwira.

Atafika kunyumba adapeza Nagama atakhala pakhonde, akusankha nyemba m'lichero kuti asaoneke ngati wodwala. Ankayimba chapansipansi kanyimbo kosinjira. Gologolo adaima kuseri kwa nkhokwe, manyazi atamugwira, osafuna kufunsanso funso lake lija. Adangomvetsera. Nagama adayamba mzere, asadafike pakati chifuwa chidaudula. Adayambanso, chidaudulanso pamalo pomwepo.

Makutu a Gologolo adaimirira.

"Ohoo," adanong'ona. "Pakamwa pali ulemu, koma chifuwa chilibe."

Adaliyatsa liwiro la kubwalo. Mfumukazi Mvuu adali mayi wofatsa, wokonda magule ndi kutamandidwa, ndipo nkhani ikatalika ankayasamula mpaka wolankhulayo kuiwala zimene amanena. Gologolo ankadziwa kuti kwa iye nkhani imafunika yaifupi ndi yokoma. Adagwada n'kuomba m'manja.

"Zikomo amayi athu. Ndabwera ndi chisoni."

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, amayi. Asing'anga anu agwira ntchito, mudzi wonse ukupezako bwino. Chisoni changa n'choti palibe amene wakuthokozani. Mudzi ungachire popanda mwini wake?"

"Komatu ndiye zoona," adatero Mvuu, akudzikonza pampando. "Palibe ndi mmodzi yemwe."

"Ine ndakupekerani nyimbo. Ochira onse abwere mawa ayimbe. A kwa aKhwangwala aime uku, a kwa aNungu aime uko, tione amene akuyamikeni bwino."

"Nanga ako?"

"Anga achepa, amayi. Aziomba m'manja."

Nyimbo imene Gologolo adapeka idali ya mawu ochepa poyambira, koma povomera pake padali patali ngati njira ya kumunda. Pankatamanda mfumukazi chiwalo ndi chiwalo: kuyambira mphuno zake zotakasuka, kudzera m'mano, m'khosi, pamsana ponse, mpaka kukathera pa kamchira. Ndipo Gologolo adalengeza kuti povomerapo payenera kuyimbidwa ndi mpweya umodzi, chifukwa wopumira pakati ndiye kuti wadula mfumukazi pawiri. Padalibe amene akadalola kuchita chipongwe chotere dala, ndipo n'zimene Gologolo ankafuna.

Tsiku la nyimbo bwalo lidadzaza. Khwangwala adakhala pafupi ndi mfumukazi akusisita kolala yake. Nungu adakhala patali yekha, minga ili njo, nkhope ngati wamwa muzu wake womwe.

Adayamba a kwa Khwangwala. Gologolo adatsogolera, iwo adavomera. Adachoka pamphuno, adadutsa m'khosi, adayenda msana wonse, ndipo ambiri adakafika kumchira, ngakhale ena adafikako mawu atasasa. Nthungululu zidamveka. Mvuu adagwedeza kamchira kake mokondwa.

Adabwera a kwa Nungu. Adayamba mochedwa, mawu ali pansi ngati ng'oma yonyowa. Ena adathera paphewa, ena pakati pa msana, owerengeka okha ndiwo adaona mchira.

"Basi, ndi Khwangwala," adatero Gologolo mumtima, ndipo adadumpha kuti akanyamule mkazi wake. Adathamanga pang'ono, kenaka adaima chilili. China chake chidamukoka. Adatembenuka n'kuyang'anitsitsa magulu awiri aja, ulendo uno ndi maso osati ndi mtima wofulumira.

Kwa Khwangwala kudaima Njiwa, Pumbwa, Mpheta, Namzeze ndi abale awo. Pafupifupi onse adali mbalame, zopita kwa mbalame inzawo. Kwa Nungu kudaima Fulu, Nguluwe, Mfuko ndi ena oyenda chamutu pansi, oti ngakhale ali bwinobwino nyimbo amaiyimba ngati akukankha mwala. Njiwa angathe kuyimba ngakhale maliro ake omwe, ndipo Fulu sadamalizepo nyimbo chibadwire. Adatsala pang'ono kupereka mkazi wake chifukwa cha mpikisano wa mbalame ndi afulu.

Padafunika zifuwa zofanana. Maso ake adayenda m'bwalo monse mpaka adagwera pa ana aakazi a Njiri. Adali atatu obadwa tsiku limodzi, ofanana msinkhu, mawu ndi kuipa kwa nkhope komwe, ndipo chifuwa chidawagwira sabata imodzi ku maliro a azakhali awo. Mwandida adakwatiwa kufupi ndi bwalo, ndiye adafukizidwa kwa Khwangwala. Tisunge adakwatiwa kumunsi kwa mudzi, ndiye adamwa muzu wa Nungu. Wachitatu, Ndaziona, adali wodwala wa Gologolo mwini, ndipo Gologolo adachita ngati sakumuona.

Adagwadanso pamaso pa Mvuu.

"Amayi athu, nyimbo ya gulu imabisa aulesi. Mfumukazi ngati inu muyenera kumva liwu limodzilimodzi. Bwanji aMwandida ndi aTisunge akuyimbireni, wina akatha wina?"

"Ayimbe," adatero Mvuu. "Pamsana paja pamandikomera."

Mwandida adaima, adakoka mpweya, adayamba. Mphuno adadutsa bwino. Mano adadutsa. Atafika m'khosi mawu adayamba kunjenjemera, maso adatuzuka, adalimbikira chifukwa cha ulemu, koma paphewa chifuwa chidaphulika. Adatsokomola mpaka kugwada.

"Pepani amayi," adatero akupukuta misozi. "Ndi fumbi chabe. Ine ndikupezako bwino."

Khwangwala adayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Tisunge adaima pamalo pomwepo. Liwu lake lidali loipa ngati la mchemwali wake, palibe akadalipira kuti alimve. Koma adachoka pamphuno, m'mano, m'khosi, paphewa, adayenda msana wonse osapunthwa, adafika pa kamchira, ndipo poona kuti mpweya udakalipo adabwerera nawo mpaka m'chiuno. Gologolo sadaombe m'manja. Adatseka maso n'kumvetsera kupuma kwake atamaliza. Kudali kosalala, kopanda kakulira kalikonse m'kati.

"Kachiwiri," adatero Gologolo. "Amayi sadamve bwino."

Adayimbanso onse awiri, woyamba Tisunge ulendo uno. Zidachitika chimodzimodzi. Gologolo adadziwa khomo loti agogode, ndipo adayamba kusuntha chammbuyo kuti azembe.

"Dikirani!" lidamveka liwu. Adali Ndaziona, akudzikoka kulowa m'bwalo. "Abale anga atamanda asing'anga awo. Ine ndikhale chete ngati wosayamika? Nanenso ndiyimba, anthu aone mphamvu ya mankhwala a aGologolo."

"Musavutike, mayi," adatero Gologolo mofulumira. "Nthawi yatha. Amayi atopa."

"Sindidatope," adatero Mvuu.

"Mwandichitira zazikulu, asing'anga," adatero Ndaziona. "Nsupa zonse zija ndidamaliza. Lero ndikubwezerani ulemu."

Adakoka mpweya, ndipo mpweya womwewo ndiwo udamutsamwa. Sadafike ngakhale pamphuno. Adatsokomola, adatsokomola, adakhala pansi, adagona chammbali, abale ake akumuwomba pamsana. Pakati pa kutsokomolako adakweza dzanja kuloza Gologolo.

"Ndi... ndikupezako bwino," adatero. "Zikomo asing'anga."

Popeza zidali nyama zaulemu, palibe amene adaseka kapena kunena kanthu. Zidangotembenuka zonse n'kumuyang'ana Gologolo mwachifundo, ndipo iye akadakonda zikadamugenda. Adaona nkhokwe yake yachiwiri ikugwa isadamangidwe. Koma nthawi yodandaula idalibe. Nungu adali atanyamuka kale, ndipo Gologolo adamuthamangira n'kumupeza akutsegula chitseko cha nyumba yake.

"Odi, amayi."

"Nyimbo yako ija ndaimva ndekha," adatero Nungu osatembenuka. "Wabwera kudzaona malilime amene ndidapha?"

"Pakamwa panga n'poyabwa, amayi, aliyense amadziwa. Ndabwera ndi pempho."

Nungu adatembenuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kunyumba kwadzuka bwanji?"

Yankho lachizolowezi lidafika palilime lokha, ndipo Gologolo adalimeza.

"Sikudadzuke bwino. Nagama akudwala kwambiri. Sakudya, mpweya ukumuthera, ndipo ine ndili ndi mantha."

Minga ya Nungu idagona pang'ono.

"Chiyambire ntchito imeneyi, ndiwe woyamba kundiyankha zoti ndingagwiritse ntchito," adatero. "Enawa ndimachita kuwanunkhiza. Chidayamba liti? Amatsokomola kwambiri akagona kapena akayenda? Wamwa chiyani?"

"Wamwa... zanga."

"Ndiye kuti sadamwe kanthu. Kam'tenge. Ubwerenso ndi Ndaziona uja, um'bereke wekha."

Gologolo adabereka mkazi wake, kenaka adabwerera kukakoka Ndaziona, njiri yaikulu kuposa iye kakhumi, mudzi wonse ukumupatsa moni waulemu panjira. Nagama atalawa muzu uja nkhope idakwinyika ngati chikwama chakale.

"Bambo, anu aja amakoma," adadandaula.

"Imwani, akazi anga. Okoma aja atha."

Masiku adapita. Pakhomo pa Gologolo padaleka kufika odwala. Ankamutchulabe asing'anga akakumana naye, mwaulemu wonse, koma nsupa zake zidauma ndipo mavu adamangamo. Mtedza udatsala adadya mpaka pansi pa nkhokwe padaoneka, ndipo tsiku lina adapezeka akubwereka khasu kwa Fulu. Zonsezi sizidamuwawe monga ankayembekezera, chifukwa mtima wake udali kwina. M'mawa uliwonse ankafuna kufunsa Nagama mmene wadzukira, ndipo m'mawa uliwonse ankadziletsa. Ankangotuluka, kuyenda pang'ono, n'kuima kuti amve zimene zikuchokera m'nyumba. Tsiku loyamba adamva chifuwa. Lotsatira adamva chifuwa. Kenaka adayamba kumva chifuwa cha apo ndi apo, ndi supuni ikukanda pansi pa mbale.

M'mawa wina akupita kumunda, khasu lili paphewa, adaima monga mwa masiku onse. Sadamve chifuwa. Adamva munsi ukugunda mumtondo. Adadikira kuti uleke, koma sudaleke. Udagunda, udagunda, ndipo pamwamba pake padakwera liwu la Nagama likuitana mnansi wake kutsidya la mpanda kuti abweze sefa imene adabwereka chisanu chisadayambe. Adaitana ndi mpweya umodzi, mawu ambirimbiri, ena osayenera kubwerezedwa pano.

Gologolo adatsitsa khasu, adakhala pansi pakati pa njira, n'kulira ngati mwana.

N'chifukwa chake mpaka lero mukamuona gologolo sathamanga ulendo umodzi. Amathamanga pang'ono, n'kuima, mutu m'mwamba, makutu ali tcheru, kenaka n'kupitiriza. Musamufunse chimene akumvetsera, ndi za m'banja mwake.

Nanenso mpweya wandithera, nthano ithere pompa.